Dzina lanu musalibwereketse

Ana anga, inu amene mwatsika basi pa Park Station muli ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama, ndi inu amene munabadwira konkuno ku Joni n'kulemba matric, khalani pansi ndikuuzeni. Mukufuna malo ku Wits, ku UJ, kapena ku koleji ya ntchito zamanja. Ndi bwino. Pitani, kaphunzireni. Koma dziwani kuti musanaponde n'khomo la kalasi lomwe, koleji imakhala itakudziwani kale kuposa mmene azakhali anu amakudziwirani.

Kale anthu ankafola pamzere, mapepala ali m'manja. Mu Januwale 2012, pachipata cha UJ ku Bunting Road, khamu la ofuna malo linapanikizana mpaka mayi wina, amene anangoperekeza mwana wake, anafera pomwepo. Zitachitika zimenezo yunivesiteyo inaletsa zofika pachipata kudzapempha malo. Zonse zinasamukira pa intaneti. Mzere unatha, ndipo zinathandiza. Koma mapepala amene kale mwini ankawagwira yekha, lero mumawatumiza kumene maso anu safika.

Taonani zimene fomu imafuna. Dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti kapena ya chitupa. Kumene mumagona. Foni ndi imelo. Dzina la amene akulipira fizi, ndipo mukapempha thandizo la ndalama, afunanso kudziwa zimene makolo anu amalandira pamwezi. Zotsatira za mayeso. Ngati muli ndi ulumali, munene. Ife obwera amationjezera zina: viza yophunzirira ya ku Home Affairs, umboni woti uli pa medical aid, ndi kalata ya SAQA kapena ya Matriculation Board yonena kuti maphunziro a kwathu akulingana ndi ati kuno. Mukalowa, kutolerako sikutha. Khadi la pachipata limalemba ola limene mwalowa, ndipo m'makoleji ena mumadinda chala. Wi-Fi imaidziwa foni yanu. Tsamba lophunzirira limadziwa ngati munatsegula notsi kapena munangogona. Funsani anzanu a ku Unisa za pulogalamu ya The Invigilator, imene pa mayeso imakuuza kuti udzijambule nkhope, kwinaku ikumvetsera zomveka m'chipinda chako.

Sindikunena kuti koleji ndi mfiti. Ayi. Popanda zimenezi sangadziwe kuti wolemba mayeso ndi inuyo, ndipo digiri yanu ikhoza kugwera m'manja mwa wina. Amayeneranso kupereka malipoti ku unduna wa maphunziro apamwamba, ndipo wobwera akasiya sukulu panjira, kolejiyo imayenera kudziwitsa a Home Affairs. Koleji ili ndi chifukwa chofunira mapepala anu. Vuto ndi anthu amene amaima pakati pa inu ndi kolejiyo.

Ine ndinayamba kufuna sukulu yamadzulo ndili ndi ndevu kale, ndili pabanja, ndikugwira ntchito. Kompyuta ndinkaiopa. Ndinalowa m'kachipinda kena ka intaneti m'tauni, pafupi ndi pokwerera ma taxi, momwe mnyamata wina ankadzazira anthu mafomu. Ankayankhula chakwathu. Ananditchula kuti achimwene, mtima wanga n'kukhala pansi. Ndinamupatsa pasipoti, satifiketi, pepala la malipiro, sitetimenti ya kubanki, ndi kalata ya eni nyumba. Zonse anazijambula pamakina. Imelo ananditsegulira yekha, pasiwedi anasankha yekha, ndipo pamalo a nambala ya foni analemba yake. Anati, "Musadandaule achimwene, ndizikuonerani ineyo."

Ndinaima kumbuyo kwake, ndipo ndinaona. Pa sikirini panali tizithunzi ta mapasipoti a anthu ena, nkhope ndi nkhope, amayi ndi anyamata, tonse tili pamtetete kuti aliyense wodzakhala pampandopo atitsegule. Anakoka changa n'kuchiika pakati pa zinzake. Ndinaona, koma ndinachita manyazi kufunsa. Ndinaopa kuoneka wakumudzi. Safunsa anadya phula.

Kalata yondipatsa malo inapita kwa iye. Kuti andionetse, ndalama. Kuti andiuze tsiku lolembetsa, ndalama. Nditakana, foni yake inasiya kuyankhidwa, tsiku linadutsa, chaka chinapita. Ndinkayesa mavuto athera pomwepo. Patapita miyezi anayamba kundiimbira otolera ngongole: foni yodula imene sindinaigwirepo, zovala zimene sindinazivalepo, zonse m'dzina langa. Anaimba mpaka kuntchito, abwana n'kuyamba kundiyang'ana ndi diso lina. Nditafuna kusamukira m'nyumba yabwinoko, anafufuza mbiri yanga ya ngongole n'kundibweza pakhomo. Ndinayenda kupolisi kukalumbira, kusitolo kukachonderera, kubwereranso kupolisi, tsiku lililonse lotere likudulidwa pamalipiro. Koma chimene chinandipweteka kwambiri chinali kunyumba. Akazi anga anaona kalata ya ngongole ya foni ija n'kundifunsa kuti foniyo ndinagulira ndani. Ndinalibe yankho, poti sindinagule. Kukhulupirirana kwathu kunatenga nthawi yaitali kubwerera kuposa mmene dzina langa linatengera kuyera. Sindingalumbire kuti anachita ndi mnyamata uja kapena wina amene anadzakhala pampando uja pambuyo pake. Chimene ndikudziwa n'chakuti mapepalawo ndinawapereka ndekha, ndi manja awiri.

Choncho mverani. Fomu dzazani nokha. Ngati simudziwa, wina akhale pambali akulozereni, koma zala zikhale zanu. Imelo ikhale yanu. Nambala ya foni ikhale yanu. Pasiwedi ikhale m'mutu mwanu, osati mwa dobadoba, osati mwa chibwenzi, osati mwa mnzanu wogona naye chipinda chimodzi. Chibwenzi chimatha, ana anga. Chikatha, pasiwedi imatsala kwa amene wakwiya. Mukagwiritsa kompyuta ya anthu onse, fufutani zimene mwajambula muli pomwepo, mutseke imelo, ndipo musachite manyazi kuuza mwini malo kuti muone ngati zafufutikadi. Manyazi amenewo ndi amene anandidyetsa ine.

Inu muli ndi mwayi umene ine ndinalibe: lamulo. Limatchedwa POPIA. Linasainidwa mu 2013 ndipo linayamba kuluma mokwanira pa 1 Julayi 2021. Silifunsa ngati ndinu nzika kapena wobwera. Limati koleji itole zokhazo zimene ikufunikiradi, ikuuzeni chifukwa chake, isazigwiritse ntchito ina yosagwirizana ndi chifukwacho, izisunge motetezeka, ndipo isazisunge mpaka kalekale popanda chifukwa. Za umoyo wanu, chipembedzo, mtundu ndi zidindo za zala limaziika pagulu lapadera lofunika chisamaliro choposa. Muli ndi ufulu wofunsa kuti, "Mukusunga chiyani chokhudza ine, ndipo mwapatsako ndani?" Muli ndi ufulu wokonzetsa cholakwika. Kalembedwe ka dzina kakasiyana ndi ka pa pasipoti, konzetsani chaka choyamba chomwecho, musadikire kuti chilembo cholakwikacho chikwere pa digiri. Muli ndi ufulu wokana mauthenga otsatsa malonda. Akuba akathyola makompyuta a koleji, kolejiyo imayenera kukudziwitsani. Koleji iliyonse imayenera kukhala ndi mkulu woyankha za nkhani zimenezi, amene amamutchula kuti Information Officer. Akakunyalanyazani, kadandauleni ku Information Regulator, bungwe limene mtsogoleri wake woyamba ndi mayi Pansy Tlakula, ndipo likulu lake lili mu Johannesburg momwemuno. Chindapusa chikhoza kufika R10 miliyoni.

Lamulo lomweli linandiwawa ine monga kholo, ndisabise. Mwana akakwana zaka 18, makoleji ambiri sapereka zotsatira zake kwa kholo popanda chilolezo cha mwanayo, ngakhale kholo ndi limene likulipira fizi. Ndinang'ung'udza. Pambuyo pake ndinaganiza: khomo limene landitsekera ine ndi lomwelo limene latsekera aliyense woimba foni n'kunama kuti ndi bambo ake. Litsekedwe. Koma inu musabisalire kumbuyo kwa lamulo mukalephera mayeso. Wolipira fizi muuzeni zoona ndi pakamwa panu.

Komabe lamulo si mpanda wa njerwa. Mu 2020 kampani ya Experian, yosunga mbiri za ngongole, inapereka zambiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu amene ananamizira kuti ndi kasitomala. Sanathyole chitseko. Anangopempha, n'kupatsidwa. Mu Sepitembala 2021 akuba anatseka makompyuta a unduna wa zachilungamo, ndipo mu 2023 undunawo unalamulidwa kulipira R5 miliyoni. Zinadziwika kuti unalekerera ziphaso za mapulogalamu oteteza makompyuta kutha osazikonzanso. Kumapeto kwa 2023 akuba analowanso m'makompyuta a Tshwane University of Technology, ku Pretoria pafupi pompa. Ngakhale kwathu, mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Chakwera, anauza nyumba ya malamulo kuti mapasipoti aleka kusindikizidwa chifukwa akuba alowa m'makompyuta a ofesi yoona za olowa ndi otuluka. Ngati unduna umagwa, koleji yanu ndani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye muzikhala ngati anthu odziwa kuti dzina lanu, nambala yanu ndi kosi yanu zikhoza kukhala kale m'manja mwa mbala. Akakuimbirani n'kukutchulani dzina lonse, n'kutchula ndi koleji yanu yomwe, musati poti akundidziwa ndiye kuti ndi enieni. Kukudziwani si umboni. Uthenga wa pa WhatsApp woti mwapeza basale koma mutumize kaye kangachepe, ndi bodza. Woti fizi ilipiridwe ku akaunti yatsopano lero lomwe, ndi bodza. Akaunti ya koleji ionereni pa tsamba la koleji lenilenilo, kapena kafunseni ku ofesi ndi miyendo yanu. Woti malo anu alandidwa mukapanda kudina apa, ndi bodza. Mbala imakonda kukuthamangitsani. Nambala ija imene banki imatumiza pafoni kuti mutsimikize kuti ndinu, musauze munthu. Musauze munthu, ngakhale atati ndi wa kubanki komweko. Foni yanu ikangofa netiweki mosadziwika bwino pamene za anzanu zikugwira, thamangani, mwina wina wasamutsa nambala yanu.

Chenjeraninso ndi makoleji a m'mwamba mwa masitolo. M'tauni ndi ku Braamfontein muli zikwangwani zokongola zambiri, ndipo chaka ndi chaka unduna umachenjeza za makoleji osalembetsa. Unduna wa maphunziro apamwamba uli ndi kaundula wa makoleji oima paokha ovomerezeka, ndipo aliyense akhoza kuuona pa intaneti. Onani dzina la koleji, onaninso ngati kosi imene mukufunayo ili momo. Yang'anani musanapereke pepala ngakhale limodzi. Koleji yabodza imakudyerani fizi, kenako imatseka, ndipo bokosi la mapasipoti anu simudziwa kumene lathera.

Pali china chimene chimandisowetsa tulo. Munthu amabwera, nthawi zina wakwathu, n'kunena kuti, "Iwe uli ndi akaunti poti ndiwe wasukulu, ndibwereke ndilandirire ndalama, ndikupatsako ya sopo." Kanani. Kanani ngakhale ali m'bale. Ndalamazo zikakhala zakuba, apolisi amatsata dzina lili pa akaunti, ndipo dzinalo ndi lanu. Mwana wa konkuno akagwa m'zimenezi amavutika, koma amatsala kwawo. Inu obwera, viza yanu yapachikika pa dzina loyera. Likada, sukulu yatha, ndipo mubwerera pa basi yomwe ija opanda pepala, makolo atagulitsa kale ng'ombe. Madzi akatayika saoleka.

Ndipo za anzanu muzizisamala ngati zanu. Mndandanda wa mayina ndi manambala a kalasi si wanu woti mupatse wogulitsa malonda. Zotsatira za mnzanu si zoseketsa pagulu. Mukapambana, sangalalani, koma musajambule kalata yokupatsani malo kapena khadi la sukulu n'kuika pa Facebook nambala zonse zikuoneka. Agogo kumudzi auzeni pafoni, amva.

Ngati zimene zinandionekera ine zinakuonekerani kale, musabise chifukwa cha manyazi, monga ndinachitira ine poyamba. Kanenani kupolisi mutenge nambala ya mlandu. Uzani koleji ndi banki tsiku lomwelo. Bungwe la Southern African Fraud Prevention Service limalembetsa ulere anthu amene mapepala awo abedwa, kuti wofuna kutenga ngongole m'dzina lanu afunsidwe kawiri. Lamulo la ngongole limakupatsaninso mwayi woona mbiri yanu ulere kamodzi pachaka ku kampani iliyonse yosunga mbiri zotere. Ioneni, ngakhale mukudziwa kuti simunakongole kalikonse.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi chala chili kale pa batani lovomereza zonse. Ndinu ana, mumathamanga. Koma ndikupemphani chinthu chimodzi usiku uno musanagone. Tsegulani tsamba lanu la koleji, mupite pamene palembedwa za inu, muone imelo ndi nambala ya foni zimene zili pamenepo. Ngati si zanu, mawa m'mawa muyambire ku ofesi yolembetsa musanapite m'kalasi.