Ndowa ya Chimbudzi M'boti: Uthenga kwa Eni Maboti ndi Alovi a M'madoko a kwa Kachindamoto

Boti la chilimira limanyamuka madzulo n'kubwera m'mawa, ndipo usiku wonsewo anthu ali m'menemo amafuna kudzithandiza. Chida chomwe tikukuuzani ndi chapafupi: ndowa yapulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro chothina, yomangirira kumbuyo kwa boti, ndi kathumba ka utuchi kapena phulusa. Thirani utuchi pansi pa ndowa musananyamuke. Munthu akatha kudzithandiza akwirire ndi utuchi wodzaza manja awiri, avindikire. Ilembeni ndi penti yofiira kuti isasokonezeke ndi ya nsomba kapena yokapira madzi.

Mtengo wake umasiyana malinga ndi msika komanso nyengo, koma kawirikawiri sungafanane ndi ndalama za mafuta a injini a ulendo umodzi. Utuchi ulipo wochuluka kumtunda kuno kwa ocheka matabwa a paini ku Dedza. Amalonda a usipa otsika msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti angakutengereni thumba mukapangana bwino.

Musakhuthulire ndowa m'nyanja

Apa ndi pomwe ambiri akulakwitsa. Taona maboti omwe ndowa ali nayo, usiku wonse aigwiritsa ntchito bwino, koma akangoona gombe wina amaitenga n'kuipendeketsa m'madzi, ati asachite manyazi kutsika nayo pamaso pa amayi ogula nsomba. Ena amakataya kumtunda ndithu, kenako n'kubwerera kukatsukuluza ndowayo pagombe. Zonsezi n'chimodzimodzi. Kunena zoona, kutero n'koipa kuposa kusakhala ndi ndowa, chifukwa chimbudzi cha anthu onse a m'boti mwachisonkhanitsa n'kuchitula pamalo amodzi, pamadzi osaya pomwe ana amasamba, amayi amatunga ndi kutsuka mbale, ndiponso pomwe usipa umatsukidwa usanayanikidwe pathandala. Usipa womwewo mawa lake uli pamsika ku Bembeke ndi pa boma.

Mawu akuti "nyanja n'njaikulu, imatsuka yokha" tawamva kokwanira. Ngakhale sitima zikuluzikulu za panyanja zamchere, lamulo la mayiko lotchedwa MARPOL silizilola kutaya zonyansa zosathira mankhwala pafupi ndi mtunda. Ziyenera kutalikira makilomita oposa 22. Nanga ife tizitaya pomwe mwana waima madzi akumulekeza m'mawondo? Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Marichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino ndipo unapha anthu oposa 1,700. Madera a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Mkodzo nawo musaupeputse: mazira a likodzo amatuluka ndi mkodzo, tizilombo take n'kukakulira mu nkhono za m'madzi osaya. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limaletsa kuipitsa madzi, ndipo a komiti ya padoko, a BVC, angathe kuika chindapusa pa malamulo awo.

Potsika m'boti

Ndowa itsike yovindikira, nsomba zitatha kutsitsidwa, ndipo aitenge munthu yemwe sagwiranso nsomba mpaka atasamba m'manja ndi sopo. Akakhuthulire m'chimbudzi chokumba chomwe chatalikira mamita 30 kapena kuposa kuchoka kunyanja kapena pachitsime. Atsukire pomwepo ndi madzi a kolorini, madziwo athire m'dzenje momwemo. Muyeso wa kolorini funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Mabotolo, majumbo ndi oyilo wakutha wa injini nazonso zibwere kumtunda.

Ndowa yothira utuchi mokwanira sinunkha, ntchentche siziifuna, ndipo boti limakhala laukhondo mpaka ogula amaona okha. N'chida chabwino zedi! Eni maboti, musalole boti lanu linyamuke madzulo ano ndowa ndi utuchi mulibe.