Phunziro 7: Kukonza Nyumba Zakale

Aphunzitsi, munaonapo khoma la dothi lomatidwa simenti? Pakapita zaka zingapo simentiyo imang'aluka n'kumagwa, dothi lomwe n'kutsatira. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, pamene dothi ndi laimu zimachilola kutuluka, khoma n'kuuma.

Taonani mzikiti wa ku Djenné, m'dziko la Mali. Unamangidwanso mu 1907 ndi zidina, koma ulipobe. Chaka ndi chaka anthu a kumeneko amasonkhana n'kuumata ndi matope osakaniza ndi mankhusu a mpunga, akuponda pa mitengo yotulukira m'makomamo.

Ntchito: Pitani ndi ophunzira anu ku tchalitchi kapena nyumba yakale ya kwanuko. Akafunse akuluakulu zimene anamangira, ndipo akalembe mmene paliri pamene panakonzedwa ndi simenti.