Phunziro: Kugwiritsa Ntchito Vidiyo Kuwerenga Kukamavuta

Pali anzathu ena amene amayankha bwino mphunzitsi akafunsa pakamwa, koma akapatsidwa buku amadodoma, kudumpha mizere ndi kusokoneza zilembo. Vutoli limatchedwa dyslexia, dzina lomwe analipereka dokotala wa maso wa ku Germany, Rudolf Berlin. Si ulesi kapena kuperewera nzeru ayi. Ubongo umangochedwa kulumikiza chilembo ndi liwu lake. Chingerezi ndiye chimazunza kwambiri chifukwa mawu ake ambiri salembedwa mmene amatchulidwira, pomwe Chichewa timachilemba pafupifupi mmene timachiyankhulira.

Wophunzira wotere amagwira msanga zomwe wamva ndi kuona. N'chifukwa chake vidiyo ya phunziro imamuthandiza. Masamu ndi sayansi zilipo zambiri pa YouTube komanso pa Khan Academy, ndipo n'zaulere. Popeza m'midzi yozungulira minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi ndi Makandi data ndi magetsi n'zosowa, tsitsani mavidiyo mukapeza mpata ku Boma, ku Bvumbwe kapena ku Luchenza, muwasunge pa memori khadi ndi kugawana ndi anzanu. Pulogalamu ya VLC imawaonetsa ngakhale popanda intaneti.

Koma kungoonera ngati filimu sikupindula. Tsatani izi:

1. Sankhani mutu umodzi womwe uli m'silabasi, ndipo muonere mphindi khumi zokha.
2. Mphunzitsi akamathamanga, chepetsani liwiro kufika pa 0.75.
3. Mfundo imodzi ikatha, imitsani vidiyo, muifotokoze mokweza m'mawu anu. Njirayi mumaidziwa kale kuchokera kumadrasa: kumva, kubwereza, kenako kunena pamtima.
4. Ngati vidiyoyo ili ndi mawu olembedwa m'munsi, ayatseni kuti diso lione liwu pomwe khutu likulimva.
5. Lembani mawu atsopano asanu m'kope, ndi kachithunzi pambali pa liwu lililonse.
6. Pomaliza tsegulani buku pamutu womwewo, muwerenge ndime imodzi. Muona kuti yapepuka chifukwa nkhani mukuidziwa kale.

Chachisanu ndi chimodzichi musachilumphe. Mayeso a MANEB amalembedwa papepala, ndipo m'chipinda cha mayeso simulowa foni. Vidiyo ikutsegulireni mutu, koma dzanja ndi diso zizolowere funso lolembedwa.

Makolo, tikudziwa kuti ambiri mumaweruka mutatopa ndi kuthyola tiyi, ndipo foni pakhomo ndi imodzi. Mubwerekeni mwana theka la ola madzulo, kenako mumufunse zomwe wamva. Nanunso ophunzira, ngati vutoli mukuliona mwa inu, musachite manyazi. Uzani mphunzitsi wa kalasi yanu msanga. Aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera amasulidwa pafupi pomwe pano, ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndipo sukulu ikhoza kufunsa uphungu kwa iwo mayeso asanayandikire.