Phunziro 18: Makina Oona M'kati mwa Thupi

Tiwerenge

Mundikhululukire, lero tikamba za matenda amene amayi ambiri amabisa.

Kunsi kwa mimba ya mayi kuli minofu. Minofu imeneyi imanyamula ziwalo 3: chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lotulutsa chimbudzi. Ili ngati pansi pa dengu. Pansi pa dengu pakatha, chimanga chimatayika.

Minofuyi imafooka chifukwa cha kubereka kambiri, kuvutika nthawi yaitali pobereka, kusenza katundu wolemera, chifuwa chosatha ndi ukalamba. Ikafooka, mkodzo umadontha mayi akatsokomola kapena akaseka. Ena amamva chinthu cholemera chikutsikira m'njira yobadwira mwana.

Mayi wotere amaleka kupita kumsika. Amaleka kubwera kudzaphunzira. Amachita manyazi. Koma si ufiti ayi. Ndi matenda, ndipo chithandizo chilipo.

Kuchipatala anamwino amayamba ndi kufunsa. Kenaka amayeza ndi manja. Akafuna kuona bwino, amaunika ndi makina otchedwa ekografia. Ndi makina omwe aja oonera mwana m'mimba.

Adokotala amapaka mafuta ozizira pa kachipangizo kakang'ono. Amakaika pamimba kapena kunja kwa malo obisika. Kachipangizoko kamatumiza mawu amene khutu silimva. Mawuwo akagunda ziwalo amabwerera, monga amachitira mawu athu tikafuula m'phanga. Makina amawasandutsa chithunzi.

Adokotala amati: "Tsokomolani, mayi. Kankhani ngati pobereka." Pamenepo amaona chiwalo chimene chatsika. Amaonanso mkodzo wotsalira m'chikhodzodzo. Sacheka. Sabaya.

Akadziwa vuto, amasankha chithandizo. Ena amaphunzitsidwa kulimbitsa minofu. Ena amaikidwa mphete yofewa yochirikiza chiberekero. Ena amachitidwa opaleshoni.

Makinawa sapezeka pa chipatala chilichonse. Yambani pa chipatala chapafupi. Ngati kuli kofunika, adzakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu. Abambo, perekezani akazi anu. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mawu atsopano

mi-no-fu
chi-kho-dzo-dzo
chi-be-re-ke-ro
chi-thu-nzi

Tikambirane

1. Kodi minofu ya kunsi kwa mimba imanyamula ziwalo ziti?
2. Kodi imafooka chifukwa chiyani?
3. Nanga mnzathu akaleka kubwera chifukwa cha manyazi, tingamuuze chiyani?

Tilembe

Sindibisa matenda. Ndipita kuchipatala.