ANTHU KHUMI NDI AWIRI AMENE ANAKANA KUNAMA

M'dziko la England, mlandu waukuru ukafika ku bwalo, woweruza saweruza yekha. Amaitana anthu wamba 12 osadziwana ndi woimbidwa mlanduyo, ndipo gulu lao lichedwa jury. Iwo alumbira kuti adzanena zoona, namvetsera mboni zonse, nalowa m'cipinda pa okha kukapangana. Nchito yao ndiyo kunena ngati munthuyo wacimwa kapena iai, ndipo woweruza ndiye apereka cilango. Nkhani iyi ndi ya jury ina imene inasauka kwambiri cifukwa cokana kunama.

Masiku a Mfumu Charles Waciwiri, boma la England linafuna kuti anthu onse apembedze Mulungu m'njira imodzi, ndiyo ya Mpingo wa England. M'caka ca 1664 linaika lamulo loletsa anthu asanu kapena oposa pamenepo, osakhala a nyumba imodzi, kusonkhana kuti apemphere kunja kwa mpingowo, ndipo m'caka ca 1670 linaikanso lamulo lotero.

Koma kunali anthu ena ochedwa Aquaker, amene eni ace anadzicha Abwenzi. Iwo analibe ansembe, sanali kulumbira, ndiponso sanali kubvulira munthu ali yense cipewa, ngakhale mfumu, pakuti anati anthu onse alingana pamaso pa Mulungu. Ambiri a iwo anaponyedwa m'ndende, ena nafera momwemo. Mmodzi wa Abwenziwo anali William Penn, mnyamata wa zaka 25, mwana wa mkuru wa zombo za nkhondo.

Pa 14 August 1670, Abwenzi a m'mzinda wa London anapeza nyumba yao yopemphereramo itatsekedwa, asilikari ali ciriri pakhomo. Sanabwerere kwao, ndiponso sanacite ndeu. Anaima pamseu wochedwa Gracechurch Street, ndipo Penn anayamba kulalikira pomwepo. Anamgwira pamodzi ndi mnzace William Mead, nawaimba mlandu wosonkhanitsa anthu kuti acite cipolowe.

Mlandu unazengedwa kuciyambi kwa September pa bwalo lalikuru la Old Bailey. Polowa m'bwalo, mlonda anawabvula zipewa, koma oweruza analamula kuti awabvekenso, ndipo pambuyo pace anawalipiritsa cifukwa coima pamaso pa bwalo ndi zipewa kumutu. Penn anafunsa kuti amuuze lamulo leni leni limene iye anaswa. Oweruza sanamyankhe bwino, koma anakwiya, namkankhira ku malo ochingidwa kumbuyo kwa bwalo. Mboni zinanena kuti zinaona khamu la anthu ndi Penn alikulankhula, koma sizinamve mau ace cifukwa ca phokoso.

Tsono anthu 12 aja anapita kukapangana. Pakati pao panali munthu wolimba mtima dzina lace Edward Bushel. Atabwera anati Penn anacitadi cinthu cimodzi, ndico kulankhula pamseu. Koma za cipolowe anakana kubvomereza, pakuti panalibe umboni. Oweruza anaona kuti kulankhula kokha si mlandu, cifukwa cace anawabweza kuti akaganizenso. Anabweranso ndi mau omwewo.

Pamenepo oweruza anapsa mtima, nalamula kuti anthuwo atsekeredwe opanda cakudya, cakumwa, moto kapena fodya kufikira atanena cimene bwalo linafuna. Mkuru wa mzinda anaopseza Bushel kuti adzamdula mphuno. Penn, alikukokedwa kunka ku ndende, anapfuulira anthuwo kuti asataye ufulu wao, ndipo iwo anayankha kuti sadzautaya konse. Anagona ndi njala usiku uwiri. M'mawa wa pa 5 September anaturuka ali lefu, nanena kuti Penn ndi Mead alibe mlandu.

Oweruza sanathe kusintha mauwo, koma anabwezera cipongwe. Analipiritsa munthu ali yense wa jury ndalama zoposa mapaundi 26, nawatsekera m'ndende ya Newgate kufikira atalipira. Asanu ndi atatu analipira namasuka. Bushel ndi anzace atatu anakana, pakuti kulipira kukadakhala kubvomera kuti analakwa. Atakhala m'ndende monga miyezi iwiri, dandaulo la Bushel linamveka pa bwalo lina. Woweruza wamkuru wa bwalolo, Sir John Vaughan, anawamasula, nagamula kuti palibe jury imene iyenera kulangidwa cifukwa ca cigamulo cace. Anati anthu awiri angathe kumva umboni umodzi modzi naganiza zosiyana, ndipo munthu sangaone ndi maso a mnzace. Kufikira lero pa khoma la Old Bailey pali mau olembedwa okumbukira anthu 12 aja.

M'kati mwa munthu ali yense muli liu limene limuuza cabwino ndi coipa, ndilo cikumbumtima. Boma liri ndi mphamvu yoletsa mbala ndi ambanda, ndi kusunga mtendere, ndipo anthu ayenera kulimvera pa zimenezi. Koma mphamvu yace siifika m'cikumbumtima. Lingathe kukakamiza munthu kugwada, koma silingathe kumcititsa kukhulupirira. Cimene lipeza pokakamiza ndi cinyengo cabe. Penn anasunga cikumbumtima cace pa za cipembedzo, ndipo Bushel anasunga cace pa za lumbiro lace lonena zoona.

Cinthu cina coyenera kukumbuka ndi ici: anthu 12 aja sanali Aquaker. Anasaukira munthu amene cipembedzo cace cinasiyana ndi cao. Akuru akale anati, “Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.” Boma limene litseka nyumba yopemphereramo ya mpingo wina lero, lingathe kutseka ya mpingo unzace mawa.

Penn sanaiwale zimene zinamgwera. M'caka ca 1681 Mfumu inampatsa dziko lalikuru ku America m'malo mwa ngongole ya mapaundi 16,000 imene inali nayo kwa atate wace. Dzikolo linachedwa Pennsylvania. Kumeneko Penn anaika lamulo lakuti munthu ali yense wokhulupirira Mulungu mmodzi asabvutidwe cifukwa ca mapembedzedwe ace, ndipo anthu ozunzidwa m'maiko a ku Ulaya anathawira komweko. Komabe ufuluwo sunali wathunthu. Akristu okha ndiwo analoledwa kukhala pa mipando ya boma, ndipo Penn mwini wace anali ndi akapolo acikuda pa munda wace. Iye amene anaona bwino lomwe kuipa komanga cikumbumtima ca munthu sanaone kuipa kogula munthuyo ndi ndalama.

Panapita zaka zambiri kuti maiko abvomereze kuti ufulu uli wa anthu onse. Pa 10 December 1948, Bungwe la United Nations linasonkhana ku Paris nilengeza mfundo 30 za ufulu wacibadwidwe wa munthu. Mfundo ya 18 inena za ufulu wa maganizo, wa cikumbumtima ndi wa cipembedzo, ndi kuti munthu angathe kusintha cipembedzo cace. Malamulo akuru a dziko la Zambia nawonso acinjiriza ufulu umenewu pa ndime ya 19. Koma lamulo lolembedwa pa pepala silidziteteza lokha. Lifuna anthu onga Edward Bushel, amene alola kugona ndi njala koposa kunamizira mnzao wosalakwa.

MAFUNSO

1. Kodi jury nciani, ndipo nchito yace njotani?
2. Cifukwa ninji Penn analalikira pamseu?
3. Chulani zinthu zitatu zimene oweruza anacita kuti aopseze anthu 12 aja.
4. Cifukwa ninji Bushel anakana kulipira ndalama?
5. Kodi ufulu wa ku Pennsylvania unaperewera pati?
6. Fotokozani tanthauzo la mwambi uli m'nkhaniyi, ndipo lembani citsanzo cace ca pamudzi kapena pasukulu.