Hamala ya Amalume ndi Galasi Lokuza Zinthu

Pa chuti capitaci ndinapeza amalume anga ali cigonere. Anagwa m'munda wa mbatatesi kwathu kufupi ndi Tsangano, ndipo kuyambira tsiku lomwelo dzanja ndi mwendo wa kumanja zinaleka kugwira nchito. Ku cipatala ca ku Ncheu anati ndi sitiroko, napezanso kuti magazi ao athamanga kwambiri. Koma kumudzi mlandu unali utagamulidwa kale: amalume anamenyedwa ndi hamala ya ufiti, ndipo cala cinaloza gogo wina wamasiye amene anakangana nao za malire a munda. Ku mjigo akazi analeka kumpatsa moni. Nditabwerera kuno ndinafunsa aphunzitsi a Biology, nandibwereka mabuku. Zimene ndinapezamo ndizo ndifuna kukuuzani, anzanga.

Nonse munaonapo mbuzi irikutumbulidwa. Motsata msana muli mtsempha waukuru woyera, wolimba ndi wotamuka. Mbali ina ya kulimba kwaceko icokera ku timaulusi tochedwa kolajeni. Dzinali ndi lacilendo, koma cinthuco mucidziwa: ndico cimene cicititsa msuzi wa mang'ina kugwirana ukazizira.

Munthu akamakula, makamaka ngati magazi ace athamanga, asuta fodya, kapena ali ndi nthenda ya shuga, mafuta ochedwa cholesterol amaunjikana mu mtsempha. M'caka ca 1913 Nikolai Anichkov wa ku St Petersburg anadyetsa akalulu mafuta amenewa, nawapeza pambuyo pace m'mitsempha yao. Ine ndinkayesa kuti amangomatirira pamwamba monga nkhoko mu mphika. Iai. Amalowa m'kati mwa khoma la mtsempha nakhala ngati cithupsa, ndipo thupi limawabvundikira ndi cibvundikiro ca kolajeni.

Nkhani yonse yagona pa cibvundikiro cimeneci. Cikakhala cocindikala, munthu atha kulima zaka zambiri osamva kanthu. Cikapyapyala cimang'ambika, magazi naundana pamenepo, ndipo mbulu wa magaziwo umatseka njira. Zikacitika m'mtsempha wa mtima, munthu agwa ndi nthenda ya mtima. Zikacitika m'mtsempha wa m'khosi, mbuluwo umathamangira ku ubongo, ndipo mbali imene yasowa magazi imafa. Ubongo wa kumanzere ndiwo ulamulira ziwalo za kumanja, cotero bvuto la amalume liri kumanzere kwa mutu. Palinso sitiroko yina imene imadza mtsempha ukaphulika m'ubongo, ndipo kuthamanga kwa magazi ndiko kumaibweretsa kawiri-kawiri.

Nanga cibvundikiroco aciona bwanji? Njira yoyamba ndiyo ya maikulosikopu, yonga yathu ija timalimbirana poona khungu la anyezi. Amadula kacidutswa ka mtsempha kopyapyala koposa pepala, nakanika mu utoto wofiira wochedwa Sirius red. Kenaka aika tisefa tiwiri ta kuwala, kamodzi pansi, kena pamwamba, mopingasana, kotero kuti zonse zimada bii. Kolajeni yekha ndiye amawala mumdimamo: ulusi wonenepa uoneka wofiira kapena wacikasu, wowonda uoneka wobiriwira. Junqueira ndi anzace a ku São Paulo, ku Brazil, analongosola njira imeneyi m'caka ca 1979. Kuipa kwace nkwakuti ifuna mtsempha wocotsedwa kale m'thupi, pa opareshoni kapena munthu atafa.

Njira yaciwiri, yochedwa OCT, inaturuka ku sukulu ya MIT ku America m'caka ca 1991. Munthu akapfuula pa phiri mau amabwerera. Makinawa acita zomwezo ndi kuwala. Masiku ano madokotala amalowetsa kawaya mu mtsempha wa mtima wa munthu wamoyo, kamene kamawalitsa khoma, ndipo kuwala kobwerera kumajambula cibvundikiroco. Cikacepera mamaikulomita 65 amati ncoopsa. Tengani rula, yang'anani milimita imodzi: m'menemo muli mamaikulomita 1,000.

Kwathu kuno nzeru yoona mitsempha ndi kuwala inapindulanso. M'diso ndimo mmene mitsempha ioneka popanda kuceka munthu. Ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, Susan Lewallen ndi anzace anasuzumira ndi kagalasi kounikira m'maso mwa ana okomoka ndi malungo, ndipo m'caka ca 1993 analongosola zizindikiro zimene malungo a m'ubongo amasiya m'menemo. M'diso momwemo dokotala atha kuonanso mitsempha imene kuthamanga kwa magazi kwaononga.

Kafukufuku wa m'caka ca 2009 anapeza kuti mwa akulu-akulu atatu ali onse m'Malawi, mmodzi anali ndi magazi othamanga, ndipo ambiri sanali kudziwa. Kuyezetsa kwace sikulira kawaya ka ku America, koma kalamba komanga pa mkono. Sabata yatha ndinalembera amai kalata kuti apite ndi atate kukayezetsa, ndiponso kuti akacezere gogo uja. Ndinajambulamo mtsempha ndi cithupsa cace. Yankho silinafike.