Kalata ya Mphunzitsi ndi Umboni Pamaso pa Allah



Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, pakhomo la ofesi ya aphunzitsi sipasowa mlendo. Ophunzira athu akale amabwera ndi mafomu, ena atatsagana ndi makolo, koma pempho limakhala limodzi: "Aphunzitsi, mundilembereko kalata yondichitira umboni." Ena amapita kwa a Shehe kapena kwa a komiti ya mzikiti kukapempha chidindo. M'phunziro lino tiona kumene kalatayi imagwira ntchito, komanso zimene Chisilamu chimafuna kwa woilemba ndi kwa woipempha.

Kodi kalatayi imafunika kuti?

Ophunzira a Folomu 4 opita ku mayunivesite aboma, omwe ndi UNIMA ku Zomba, MUBAS ndi KUHeS ku Blantyre, LUANAR ku Lilongwe, MUST ku Thyolo ndi MZUNI ku Mzuzu, amasankhidwa kudzera ku bungwe la NCHE. Kumeneko chimalankhula ndi mapointi. Wophunzira amafunika kukhoza maphunziro 6, kuphatikizapo Chingerezi, pa giredi ya pakati pa 1 ndi 6. Palibe kalata ya mphunzitsi imene ingatsitse mapointi 30 kufika pa 15.

Koma alipo makomo ena amene satseguka popanda umboni wa munthu. Mabungwe othandiza ophunzira osowa fizi amafuna wina wodalirika atsimikize kuti pakhomo palidi vuto. Islamic University of Madinah ku Saudi Arabia imafuna kalata yotchedwa tazkiyah, yochokera ku bungwe la Chisilamu kapena kwa mashehe odziwika. Mayunivesite ambiri a ku America amagwiritsa ntchito fomu ya Common Application. Pa fomuyo mphunzitsi amalemba kalata, komanso amachonga m'mabokosi kuonetsa pamene wophunzira ali pa khama, pa kukhulupirika ndi pa utsogoleri: kaya ndi wapakatikati, kaya ndi wabwino kwambiri, kaya ndi mmodzi mwa ochepa oposa onse amene mphunzitsiyo anaphunzitsapo. Anthu owerenga zimenezi mwanayo sanamuonepo. Amamuonera m'maso mwathu.

Kalata ndi shahada

Pamene mphunzitsi wasaina, wapereka umboni, ndipo umboni m'Chisilamu uli ndi malamulo ake. Mu Surah An-Nisa, ndime 135, Allah (SWT) akutilamula kuimirira pa chilungamo pochitira umboni ngakhale zitatipweteka ife eni, makolo athu kapena abale athu, munthuyo akhale wolemera kapena wosauka. Mtumiki Muhammad (SAW) anaika umboni wabodza m'gulu la machimo akuluakulu, pamodzi ndi shirk ndi kunyoza makolo. Hadith ya m'mabuku a Bukhari ndi Muslim ikufotokoza kuti atafika pa tchimo limeneli anadzuka pamene anatsamira, n'kulibwereza kangapo mpaka Maswahaba analakalaka atakhala chete.

Mbali inayo iliponso. Surah Al-Baqarah, ndime 283, ikuletsa kubisa umboni. Mphunzitsi amene wakhala ndi mwana wakhama zaka zinayi, n'kungomulembera mizere iwiri yoti ndi mwana wabwino, wabisa zimene akudziwa. Chitsanzo chabwino chili mu Surah Al-Qasas, ndime 26. Mtsikana wa ku Madyan pouza bambo ake kuti amulembe ntchito Musa (AS), anatchula zinthu ziwiri zokha, mphamvu ndi kukhulupirika, ndipo zonsezo anali ataziona yekha.

Kuika anthu m'magulu si zachilendo kwa Asilamu

Mabokosi ochonga aja angaoneke ngati nzeru za azungu, koma ma ulama a Hadith anayamba kalekale kupima anthu. Phunziro lake limatchedwa al-jarh wat-ta'dil. Asanalandire Hadith, ankafufuza aliyense woisimba n'kumupatsa mlingo: thiqah kutanthauza wodalirika, saduq kutanthauza wonena zoona, kapena da'if kutanthauza wofooka. Ibn Hajar al-Asqalani, amene anamwalira m'chaka cha 1449, anasanja osimba Hadith m'magulu 12 m'buku lake la Taqrib al-Tahdhib.

Akuluakuluwa sankayang'ana nkhope. Ali ibn al-Madini, mphunzitsi wa Imam Bukhari, atafunsidwa za bambo ake omubereka, poyamba anapempha kuti afunse ena. Atamuumiriza, anawerama, kenako n'kunena kuti iyi ndi nkhani ya chipembedzo ndipo bambo akewo ndi ofooka pa Hadith. N'chifukwa chake mawu ake ankakhulupiriridwa akanena kuti wakutiwakuti ndi wodalirika.

Zilinso chimodzimodzi ndi chidindo cha sukulu yathu. Tikamalemba chaka ndi chaka kuti mwana aliyense ndi woposa onse, owerenga adzazindikira. Tikatumiza mwana amene tamukometsa ndi bodza, iye n'kukalephera kapena kukachita zosayenera, wovutika adzakhala mng'ono wake wa chaka chamawa, amene kalata yake yoona idzakayikiridwa chifukwa yachokera ku Mayani. Ndipo thandizo limene lapita kwa wosayenera lalandidwa kwa mwana wina woyenera, mwina wamasiye, amene sitidzamudziwa n'komwe.

Kwa a komiti ya mzikiti

Zimasimbidwa kuti munthu wina anayamikira mnzake pamaso pa Umar ibn al-Khattab (RA). Umar anamufunsa ngati anakhalapo naye moyandikana nyumba, ngati anayendapo naye ulendo, komanso ngati anachitapo naye za ndalama. Munthuyo atakana zonse zitatu, Umar anamuuza kuti ndiye kuti sakumudziwa. Kumuona mnyamata pa Jumu'ah sikokwanira kuti tilembe kuti timamudziwa bwino. Tikupempha a komiti kuti asanadinde, afunse aphunzitsi a madrassah ndi a kusukulu kuno, ndipo alembe zokhazo zimene zatsimikizika.

Kwa inu makolo

Tikudziwa kuti mumalima kachewere ndi chimanga movutikira kuti ana awa aphunzire, ndipo mtima wa kholo umafunira mwana zabwino. Koma chonde musabwere ndi nkhuku kapena kangachepe pofuna kalata. Hadith ya m'buku la Abu Dawud ikuchenjeza kuti wolankhulira mnzake n'kulandirapo mphatso wafika pakhomo lalikulu la riba. Musatipemphenso kulemba kuti bambo a mwana anamwalira pamene ali moyo, kapena kubisa golosale imene muli nayo pamsika. Thandizo lopezeka mwa njira yotere lilibe barakah.

Kwa inu ophunzira

Kalata yanu munayamba kuilemba nokha tsiku limene munalowa Folomu 1. Mtsikana amene m'mawa wozizira wa June amafika nthawi yake ngakhale amachokera kutali, mnyamata amene amathandiza anzake masamu popanda womutuma, wosunga ndalama za kalasi amene sizinasowepo: awa amatipatsa zolemba. Popempha kalata, pitani kwa mphunzitsi amene anakuphunzitsanidi, osati amene ali ndi udindo waukulu chabe. Bwerani kutatsala milungu iwiri kapena kuposerapo, mutatenga zotsatira zanu ndi tsatanetsatane wa kumene kalatayo ikupita.

Lonjezo lathu

Ife aphunzitsi tidzalemba zimene tinaona, ndi zitsanzo zake. Sitidzayang'ana kuti mwana ndi wa yani. Wophunzira wofatsa wokhala kumbuyo kwa kalasi tidzamufufuza bwino kuti ufulu wake usatayike chifukwa chosalankhulalankhula. Cholakwa chimene mwana analapa n'kuchisiya sitidzachifukula popanda chifukwa, pakuti Allah amakonda kubisirana zofooka. Ndipo ngati sitingathe kulemba kalata yabwino popanda kunama, tidzamuuza mwini wake poyera kuti apemphe kwa wina.

Allah atipatse lilime ndi cholembera zonena zoona, ndipo awatsegulire ana athu makomo a maphunziro opindulitsa. Ameen.